Zithupsa za kumbuyo kwa khosi ndi makina obwerekana

Achimwene, mwati m'babashopu mwanu mulimo anthu anayi, makina ndi mathaulo mumabwerekana, ndipo makasitomala awiri atuluka zithupsa kumbuyo kwa khosi zosamva makapisozi. Mukufuna zisafale.

Zithupsa zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amakhala nako m'mphuno koma osadwala. Kamangodikira polowera, ndipo polowera pake ndi paja makina kapena lezala yakanda pokonza mzere. Mtundu wake wouma mutu, wosamva mankhwala ambiri, umatchedwa MRSA. Koma dziwani kuti ngakhale wamba uja kawirikawiri samva amoxicillin, choncho makapisozi a pagolosale angowonongera ndalama. Awiriwo apite kuchipatala. Nthawi zambiri chithupsa chimafunika kuchitumbula mwaukhondo, ndipo akayeza mafinya amadziwa mankhwala oyenera. Asafinye okha. Akayamba kutentha thupi kapena kutupa kukamakula, asagone nazo.

Tsopano za inu. Kumene ambiri timalakwa ndi pa spiriti. Timangopopera kamodzi, fuu, makina ali kale m'mutu mwa wina. Kumeneko n'kusangalatsa maso a kasitomala basi. Yambani mwasasa tsitsi ndi mafuta pamakinawo pogwiritsa ntchito burashi, chifukwa mankhwala safika pansi pa litsiro. Kenako nyowetsani mano onse a makinawo ndi spiriti, muwasiye aume okha. Ndipo spiriti wosungunula ndi madzi ambiri kuti akhalitse, tisanamizane, ndi madzi onunkhira chabe. Ndikudziwa kuti magetsi akangoyaka benchi imadzaza, aliyense akuthamangira. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi makina awiri, ena akuuma, ena ali pantchito.

Lezala ndi imodzi pa munthu mmodzi, muitsegule iye akuona. Thaulo limodzi lisazungulire makosi khumi. Kachilomboka kamatha masiku, ngakhale masabata, pansalu ndi pamipando. Mathaulo chapani ndi sopo, yanikani padzuwa aume gwa. Mipando ndi zipeso pukutani ndi madzi a jiki tsiku lililonse, m'manja sambani mukamaliza mutu uliwonse.

Chovuta ndi kubweza munthu. Wabwera ndi chilonda cha mafinya, muuzeni pambali mwaulemu kuti, "Bwana, chipole kaye ichi." Izi mugwirizane nonse anayi, apo ayi mudzamubweza inu, n'kukakhala pampando wa mnzanu. Nayenso wometa akakhala ndi bala padzanja amange pulasitala asanagwire mutu wa munthu.