Funsani Malume: raio ya bwalo ndiipeza bwanji?

FUNSO: Malume, ine ndine mtsikana wa kalasi 9 kuno ku Ulongué. Pa mayeso anatijambulira kachigawo ka bwalo, akuti area yake ndi 157 cm², ngodya ya pakati ndi madigiri 45, ndiye tipeze raio. Ine ndinapeza 200 cm koma aphunzitsi anangokhwatcha ndi cholembera chofiira osanena kanthu. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Mwanawe, usadandaule, ntchito yonse unaigwira bwino, unangopunthwa pakhomo polowa. 200 yakoyo ndaizindikira komwe yachokera.

Tiye tiyambe limodzi. Kachigawo kameneko kali ngati chidutswa cha chigumu chozungulira chomwe achidula kuchokera pakati, ndiye chinthu choyamba ndi kubwezeretsa chigumu chonse. Bwalo lathunthu lili ndi madigiri 360, chako chili ndi 45, 360 kugawa ndi 45 ndi 8, kutanthauza kuti zidutswa zotero zilipo 8. Ndiye 157 kuchulukitsa ka 8 tikupeza 1256 cm², area ya bwalo lonse. Tsono area ya bwalo ndi π × r², r ndiye raio, kutalika kochoka pakati pa bwalo kufika m'mphepete, ndipo π (pi) uja timatenga 3,14 (amene mumawerenga mabuku ochokera ku Dedza kapena Lilongwe mupeza alemba 3.14, ndi nambala yomweyo musasokonezeke). 1256 kugawa ndi 3,14 ikutuluka 400.

Apa ndi pamene unagwera. 400 imeneyi ndi r², osati raio ayi, ndipo ka 2 kakang'ono kali pamwambako sikakunena kuti r alipo awiri kuti ugawe pakati, kakunena kuti r wachulukitsidwa ndi r mnzake. Iwe unapanga 400 kugawa 2. Chofunika ndi raiz quadrada, kudzifunsa kuti ndi nambala iti yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsa 400. Ndi 20. Raio ndi 20 cm, ndipo lemba cm chabe chifukwa ndi kutalika kochoka pakati kufika m'mphepete, ena amatayanso mamalikisi polemba cm².

Ukanayesa 200 yako mobwerera m'mbuyo ukanaona wekha: 200 × 200 × 3,14 ndi 125600, kugawa 8 ndi 15700, kutalitali ndi 157. Aphunzitsi akonso bwenzi atalembako kamawu kamodzi m'mbalimo, kukhwatcha kokha sikuphunzitsa mwana, koma izo tizisiye.

M'buku upeza fomula yoti A = (ngodya ÷ 360) × π × r², ndi zomwezi tachitazi zangofupikitsidwa. Ine sindikonda ana oiloweza ngati nyimbo chifukwa tsiku loti aitembenuze amasowa kolowera.

Nanga ngodya ikakhala yosagawika bwino mu 360? Gawa area ndi ngodyayo upeze ya digiri imodzi, kenako chulukitsa ka 360. Tinene kuti mbuzi yamangidwa pa kona ya nyumba kunja, makoma aitchingira madigiri 90 ndiye yatsala ndi 270, msipu womwe ikufikira ndi 84,78 m². Kugawa ndi 270 ndi 0,314, ka 360 ndi 113,04, kugawa ndi 3,14 ndi 36. Chingwe chake ndi mamita 6, bola makoma onse awiri akhale osachepera mamita 6, apo ayi mbuziyo izungulira kona inayo ndipo masamu ake asintha.