Yankho: nduna zingalumbire bwanji pomwe chipani chilibe aphungu okwanira?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kusankha nduna chipani chilibe aphungu oposa theka. N'zotheka ndithu, ndipo ku Canada anazolowera kale.

Pa chisankho cha mu 2021, chipani cha Liberal cha a Justin Trudeau, omwe anali nduna yaikulu yotsogolera boma, chinapeza mipando 160 mwa 338, pomwe pankafunika 170. Komabe nduna zawo zinalumbira pa 26 October chaka chomwecho. Kumeneko chofunika n'chakuti nyumba ya malamulo isakukane pa voti yosonyeza chikhulupiriro, makamaka pa bajeti. Ukagwa pamenepo, boma latha. A Joe Clark, omwenso anali nduna yaikulu ya Canada, zinawaonekera mu December 1979: bajeti yawo aphungu anaikana, ndipo kunachitika chisankho china.

N'chifukwa chake nduna za boma lotere zimakhalira kunyengerera otsutsa, bilu iliyonse kuwerenga mitu kaye. Mu March 2022 a Trudeau anapangana ndi chipani cha New Democratic Party (NDP) cha a Jagmeet Singh, chomwe chinali ndi aphungu 25, kuti aziwavotera. A NDP sanalandire unduna ngakhale umodzi, koma anakakamiza boma kuyamba kulipirira chithandizo cha mano kwa anthu opeza zochepa. Ine ndimati anadya bwino kuposa akanalowa m'boma. Panganolo a NDP analithetsa okha mu September 2024.

Musasokoneze ndi za kwathu. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 analinso ndi aphungu ochepa, ndipo bajeti ya 2007 inachedwa chifukwa cha mkangano wa gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lokhudza aphungu osintha zipani. Koma pulezidenti wathu amasankhidwa ndi anthu mwachindunji, kotero kukanidwa kwa bajeti sikumuchotsa pampando.