Abusa, kodi kulira kwangaku ndi kuchepa chikhulupiriro?

FUNSO: Abusa, amuna anga anatisiya mu June ndipo tinawaika kumanda a ku Area 18. Pasiwa, mkulu wa mpingo wina anandiuza kuti ndileke kulira chifukwa Mkhristu salira ngati wakunja. Koma mpaka lero ndikaona jekete lawo kuseri kwa chitseko misozi imangotsika. Kodi ndikuchimwa? Nanga tsiku la kuuka kwa akufa ndidzawazindikira? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Pepani mayi, Ambuye akutonthozeni pamodzi ndi ana. Simukuchimwa ayi. Akuluwo mwina ankafuna kukulimbitsani mtima, koma vesi lomwe ankatsamiralo analidula pakati. Pa 1 Atesalonika 4:13 Paulo sakuletsa misozi. Akuti tisalire monga amalirira anthu opanda chiyembekezo. Stefano ataphedwa ndi miyala, amene anamuika anali anthu opembedza, ndipo Machitidwe 8:2 akuti anamulira kwambiri. Palibe anawadzudzula.

Ine nkhani ikakhala yotere ndimatsegula Yohane 11. Yesu anafika ku Betaniya Lazaro atagona m'manda masiku anayi. Anali atamuuza kale Marita kuti Iye ndiye kuuka ndi moyo, ndipo ankadziwa kuti akangoitana, bwenzi lakelo lituluka. Komabe ataona Mariya akulira, anthu odzapepesa nawonso akulira, vesi 35 likungoti: Yesu analira. Mwini kuukayo anagwetsa misozi akupita kumanda oti awatsekula tsiku lomwelo. Nanga inu mwalakwa chiyani polira bambo a ana anu? Ndaika maliro ambiri, ku Area 18 komweko ndi kumidzi ya ku Mitundu. Ndaona amayi a Chigwirizano akuchezera kuimba pasiwa mpaka tambala woyamba, ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje nyimbo ili pakamwa. Amenewo ndiye olimba mumpingo. Jeketelo lisiyeni pomwepo mpaka mtima wanu utalola.

Za kuzindikirana, chomwe tili nacho ndi thupi la Yesu atauka. Mariya wa Magadala anamuyesa wosamalira munda, koma atangomutchula dzina anadziwa kuti ndi Mphunzitsi wake. Tomasi anaonetsedwa mabala a misomali. Pa Luka 24 Yesu anapempha chakudya, nadya nsomba yootcha ophunzira akuona. Sanali mzukwa, anali yemwe uja ankayenda naye ku Galileya. Paulo pa 1 Akorinto 15 akuyerekeza thupi ndi mbewu. Njere imene mumaponya m'phando mvula yoyamba ikagwa simudzaionanso mmene inalili, komatu palibe amadzala chimanga n'kukolola mawere. Ndiye ine ndimakhulupirira kuti mudzawadziwa, iwonso adzakudziwani, ali ndi thupi losadwalanso. Ndisakubisireni kuti pa Mateyu 22:30 Yesu anati pa kuuka sikudzakhala kukwatira kapena kukwatiwa. Ena vesili limawadetsa nkhawa, koma likunena za ukwati, silikuti mudzapitirirana ngati alendo.

Tsono za pansi pano. Maliro athu amadzaza anthu masiku awiri atatu, chipepeso chikawerengedwa aliyense amakwera minibasi kubwerera kwake, ndipo nthawi yowawitsitsa imayamba pamenepo. Musachite manyazi kuuza amayi a mumpingo a m'dera lanu kuti azikuyenderani. Achibale akayamba za chiliza, musalowe katapila chifukwa cha simenti ndi matailosi. Amuna anu adzauka ngakhale manda awo atakhala a dothi lokha, pomwe ana akufunika fizi. Ndipo mukaona kuti tulo sitikubwera, nsima sikulowa, mutu ukungowawa, pitani kuchipatala akakuyezeni BP, mukawauze adokotala kuti munaferedwa.