Mwana watentha thupi atabayidwa katemera wa fuluwenza

FUNSO: Mwana wanga wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu 12, anabayidwa katemera wa fuluwenza koyamba dzulo m'mawa. Usiku thupi linatentha kufika madigiri 38.4. Apongozi akuti katemerayo ndiye wamudwalitsa. Nditani? Nanga wachiwiri ndikamubayitsebe?
Mayi wa ku Mufakose, Harare

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Katemera wa jakisoniyu alibe kachilombo kamoyo, choncho sangapatse mwana fuluwenza. Kutenthako kukusonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chikuphunzira kulimbana ndi kachilomboko. Kumayamba pakapita maola 6 mpaka 12, n'kutha patsiku limodzi kapena awiri.

Ngati mwana akusewera ndiponso akumwa bwino, safunika mankhwala. Akamangolira, mupatseni panado, mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse. Wanuyo amwe mamiligalamu 180, omwe ndi 7.5 ml ya panado wamadzi wolembedwa 120 mg/5 ml. Apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa: pali botolo lina la 250 mg/5 ml, lamphamvu kuposa kawiri, ndiye werengani musanathire. Yezani ndi sirinji, osati sipuni ya tiyi. Mupatseni pakapita maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi patsiku, chifukwa panado wochuluka amawononga chiwindi. Asipirini ayi ndithu, ndi woopsa kwa ana.

Tikudziwa mmene June amazizirira ku Harare kuno, komabe musamufunditse mabulangete atatu. Chovala chopepuka ndi chofunda chimodzi zakwana. Madzi ndi phala muzimupatsa pafupipafupi.

Ana ena a miyezi 6 mpaka zaka 5 amakomoka n'kumaphupha thupi likatentha msanga. Zikatero mugonekeni cham'mbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo yang'anani nthawi. Akatsitsimuka pitani naye kuchipatala, koma zikapitirira mphindi 5 musadikirenso. Thamangani nayenso akamapuma movutikira, akauma khosi, akakana kumwa, kapena kutentha kukapitirira masiku awiri.

Chinanso chimene chimatidetsa nkhawa: ngati mwabwera kumene kuchokera kumudzi ku Malawi kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, musanamizire katemera. Kamuyezetseni malungo lero lomwe.

Wachiwiriyo kamubayitseni pakatha milungu 4. Mwana wosakwana zaka 9 amene akulandira katemerayu koyamba amafunika kubayidwa kawiri kuti atetezeke mokwanira.