Bambo ake a William mu kanema uja si a ku Kasungu

Achemwali ena a ku Luchenza anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anaonera The Boy Who Harnessed the Wind, kanema wa William Kamkwamba, mnyamata wa ku Kasungu amene anapanga makina amphepo opangira magetsi, pa foni ya mwana wawo, ndiye akufunsa: "Bambo ake a William aja kwawo n'kuti? Chichewa chawo chikumveka ngati cha munthu amene anakhalitsa ku Joni."

Achemwali, za ku Joni ayi. Mkuluyu si Mmalawi n'komwe. Dzina lake ndi Chiwetel Ejiofor, anabadwira ku London mu 1977, makolo ake ndi a ku Nigeria, a mtundu wa Igbo. Ndipo sanangosewera ngati a Trywell Kamkwamba, bambo ake a William. Ndi yemweyo amene anatenga buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer n'kulisandutsa kanema, n'kutsogoleranso kujambula kwake. Aka kanali koyamba kutsogolera kanema wamkulu chonchi, ndipo kanemayo anatuluka mu 2019.

Mukadzaoneranso, muyang'anitsitse pamphumi pake kamera ikamuyandikira. Zipsera zimenezo si zopaka. Mu 1988, ali ndi zaka 11, anachita ngozi ya galimoto ku Nigeria ali ndi bambo ake, omwe anali dokotala. Bambowo anamwalira, iye anapulumuka. Ine ndikamuona akukangana ndi William pa nkhani ya njinga ija, mwana akufuna kuiphwasula kuti apangire makina ake amphepo, bambo akukana chifukwa ndi chuma chokhacho chatsala pakhomo, ndimakumbukira kuti amene akusewera bamboyu anakula opanda bambo.

Anayambira zisudzo za pa siteji. Steven Spielberg, katswiri wotsogolera makanema, anamutenga mu kanema wa Amistad wa 1997 asanamalize n'komwe sukulu ya zisudzo. Dzina linadzamveka dziko lonse mu 2013 ndi 12 Years a Slave, momwe anali Solomon Northup, mfulu imene inabedwa n'kugulitsidwa ukapolo. Mphoto ya BAFTA anatenga, ya Oscar anaiphonya.

Tsopano za Chichewa chija. Ine ndinaonera m'kachipinda ka vidiyo pa Chitakale, pa benchi, fungo la chimanga chootcha likulowera pakhomo. Mkuluyu atangotsegula pakamwa, anyamata a kabaza anafa nazo n'kuseka, wina mpaka kumamuyeserera. Sindiwadzudzula. Maxwell Simba, yemwe anali William, ndi wa ku Kenya. Yemwe anali mayi ake a William, Aïssa Maïga, amakhala ku France. Akayankhula Lily Banda, wathu wathu, m'pamene khutu limapumula. Mpaka lero zimandiwawa kuti magawo akuluakulu sanapatse ana a kuno, ngati kuti ochita zisudzo anatha m'Malawi muno.

Komabe ndimuyamikire apa: akanatha kukajambulira kwina, onse n'kumayankhula Chingerezi, azungu osadandaula. Iye anapita ku Wimbe komweko, ku Kasungu, n'kuluma lilime kuphunzira chiyankhulo cha eni nkhani.

Ndipo kuseka kuja sikunapite patali. Itafika njala ya 2001 ndi 2002, anthu akukankhana polimbirana chimanga, banja likugwirizana zodya kamodzi patsiku, m'chipinda muja munangoti zii. Wamkulu wina amene anakhala pafupi nane, wothyola tiyi pa esiteti, anadzuka n'kutuluka, ndalama yake atalipira kale. Nditamupeza panja anangoti chaka chimenecho kwawo anadya zitsa za nthochi, ndipo sakufuna kuchionanso.