Yankho kwa achimwene ofuna kamera yokoka zakutali

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati mukufuna kamera yanu yoyamba yokoka zinthu zakutali, yoti muzijambulira mbalame ndi nyama mukapita ku Liwonde, mwana wanu akamasewera mpira kusukulu, komanso nthawi zina kwaya kutchalitchi. Mwatchula Nikon B500, Panasonic FZ82, ndi Nikon P900 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mlongo wanu wa ku UK ndi amene abwere nayo. Ambiri amene akuyankhani kale akuti ingotengani ya zoom yaikulu basi. Ine ndikuti dikirani kaye, ndalamazi ndi za thukuta lanu.

Nambala ija amalemba mokuluwika pabokosi, 40x, 60x, 83x, sikuti ikukuuzani komwe kamera imafika ayi. Imangonena kuti pothera pamaposa poyambira kangati. FZ82 imayambira pa 20mm n'kuthera pa 1200mm, ndiye 1200 mukaigawa ndi 20 mumapeza 60. Sony HX400V imayambira pa 24mm n'kuthera pa 1200mm pomwepo, koma imalembedwa 50x. Ziwirizi mbalame imodzi zimaikoka mofanana ndendende. Choncho muziyang'ana nambala ya mm yothera. Pa zitatu zanuzo, B500 imathera pa 900mm, FZ82 pa 1200mm, P900 pa 2000mm.

Mwina mukuti ndiye P900 yapambanatu. Pa kukoka yapambanadi, sinditsutsa. Koma kukoka kuli ndi mtengo wake umene wogulitsa sakuuzani. Kumbukirani mmene zimakhalira pothyola mango ndi nsungwi yaitali: dzanja likangonjenjemera pang'ono, kunsonga kumagwedera kwambiri mpaka bango mumaliphonya. Pa 2000mm kupuma kwanu komwe kumaoneka pachithunzi. Makamera onsewa ali ndi zothandizira kuchepetsa kugwedera, ndipo ya P900 ndi yabwino ndithu, komabe mukakhala m'boti pa Shire kapena m'galimoto injini ikulira, zithunzi zambiri za kothera kwenikweniko zimatuluka zachimbuuzi. Palinso mpweya. Mwezi wa Okutobala masana, pansi pakatentha, mpweya umachita kuwerima, ndipo njovu imene ili tsidya lija imaoneka yopindikapindika ngakhale kamerayo ikhale yodula motani. Zoom yaikulu imagwira bwino ntchito pa kanthu kakang'ono kamene kali pafupi ndithu, monga kambalame kali pamtengo wapafupi, kusiyana ndi chinthu chachikulu chimene chili kutali kwambiri. Ndipo nthawi yake ndi m'mamawa, kunja kusanatenthe, kapena chakumadzulo.

Tsopano chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi, chimene sindinaone wina atachitchula pano, ndi viewfinder, kagalasi kaja mumaikapo diso n'kusuzumira. B500 ilibe. Ili ndi sikirini yokha kumbuyo. M'shopu zimenezi sizioneka ngati vuto, chifukwa muli mumthunzi. Tulukani nayo padzuwa la kwathu kuno cha m'ma 11 koloko, sikirini ija mumangoonamo nkhope yanu ndi mitambo. Nkhwazi yatera pamtengo, inu mwakoka zoom, mukufunafuna, mukungoona masamba obiriwira osadziwa kuti ndi a nthambi iti, manja mwawatambasula kutsogolo akugwedera. Pomwe muzidzaipeza nthambiyo, nkhwazi yauluka kalekale. Koma kamera ikakhala pa diso, dzuwa silikusokonezani, mumaloza komwe mutu wanu wayang'ana, ndipo yatsamira pamphumi, zigongono mwazikanikiza m'nthiti. Kugwedera kumachepa kwambiri popanda kugula china chilichonse. Kwa munthu wofuna mbalame ndi mpira, kamera yopanda viewfinder ine sindingamulangize, ngakhale itatchipa bwanji. FZ82 ndi P900 zonse zili nayo.

Za mpira wa mwana. Kuti wothamanga aoneke bwinobwino, shutter, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, iyenera kutseka mofulumira, 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi. Pa FZ82 ndi P900 mumapotoza kagudumu ka pamwamba kufika pa S, n'kusankha nokha liwirolo. B500 siyikupatsani ufulu umenewo, ili ndi zosankha zokonzeratu monga ya masewera, zotsalazo imaganiza yokha. Poyamba zimenezi zimaoneka zabwino chifukwa sizivuta, koma mukayamba kuzolowera mudzafuna kuiuza chochita ndipo idzakana. FZ82 ilinso ndi kanthu kena kothandiza pa mpira, amati 4K Photo. Imajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi, inu n'kusankhapo chimene mpira wangochoka kumene kuphazi. Chithunzi chilichonse chimakhala cha 8 megapixel, chokwanira kutsukitsa n'kupachika pakhoma. P900 inatuluka mu 2015 ndipo vidiyo yake imathera pa 1080p, yocheperapo poyerekeza ndi 4K, komanso sijambula RAW, mtundu wa chithunzi chosakonzedwa ndi kamera chimene mumakachikonza nokha pa kompyuta. FZ82 ya 2017 imajambula zonse, 4K ndi RAW.

Pa kwaya ndiye ndikuuzeni zoona zokhazokha, musadzakhumudwe ndalama zitapita. Makamera atatu onsewa ali ndi sensor (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaing'ono, imene amaitcha 1/2.3 inch, pafupifupi 6mm m'litali ndi 4.5mm m'lifupi. Uchepa umenewu ndi umene umalola kuti lenzi yokoka chonchi ikwane m'kamera yonyamula m'manja. Koma sensor yaing'ono imafuna kuwala kwambiri. Kuwonjezera apo, mukamakoka zoom khomo lolowera kuwala limachepa. Pa FZ82 limachoka pa f/2.8 kufika pa f/5.9, kutanthauza kuti kuwala kolowa kumachepa koposa kanayi. P900 ndi B500 zimathera pa f/6.5. Ndiye m'tchalitchi cha mawindo ochepa, oimba akuvina, inu muli kumbuyo mwakoka, nkhope zimatuluka zamadonthomadontho, manja osaoneka bwino. Foni yabwino ya masiku ano, mutayandikira kutsogolo, ingakupatseni chithunzi chabwino kuposa pamenepo. Makamera amenewa ndi a panja, masana. Ngati kwaya ili pamtima kwambiri kuposa mbalame, funsani mlongo wanu ayang'ane Panasonic FZ330, imene kwina amaitcha FZ300. Imathera pa 600mm pokha, koma imakhala pa f/2.8 kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo anaimata kuti fumbi ndi timadontho ta mvula zisalowe msanga. Kungoti imadulirapo. Ndipo ngati m'maganizo mwanu muli zodzayamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe kuti muzipeza kangachepe, zonsezi zisiyeni, imeneyo ndi nkhani ya DSLR, kamera yosinthidwa lenzi, ngakhale yakale ngati Nikon D3300.

B500 ndisaiponderezeretu, ili ndi ubwino wake weniweni. Imagwiritsa ntchito mabatire anayi a AA, ndiye kwa munthu wokhala kumene magetsi kulibe kapena amazimazima, zimenezi si zazing'ono. Komatu mabatire otchipa a m'magolosale aja, ogulira wailesi ndi tochi, samachedwa kutha m'kamera. Mumafunika otchaja a NiMH monga Eneloop ndi tchaja yake, ndipo mtengo wa zimenezi muuphatikize powerengera. FZ82 ndi P900 zimatchajidwa ndi chingwe cha USB batire lili m'kati momwemo, choncho power bank ya foni ija imathandiza mukakhala kuthengo. Batire lachiwiri gulani tsiku lomwelo, chifukwa kulisaka kuno pambuyo pake n'kovuta.

Za ma megapixel musataye nazo nthawi. B500 ndi P900 ndi 16, FZ82 ndi 18, ndipo kusiyana kwake simungakuone ndi maso. Chimene muyenera kusamala nacho ndi timakamera topanda dzina tija tadzaza pa intaneti, tolembedwa 48MP ndi 16x digital zoom. Digital zoom ndi kungodula pakati pa chithunzi n'kukulitsa, zimene foni yanu imachita kale. Pabokosi pazilembedwa optical zoom, kukoka kwenikweni kwa lenzi.

Ngati mtima wakakamirabe pa P900 yogwiritsidwapo ntchitoyo, si kamera yoipa, anthu ambiri okonda mbalame amaikonda, ndipo mwezi imaujambula mpaka maenje ake kuoneka. Dziwani kuti imalemera pafupifupi magalamu 900, pamene FZ82 ndi 600 ndi pang'ono, ndipo pakhosi tsiku lonse kusiyanako kumamveka. Mlongo wanu asalipire asanaiyese. Akoke zoom mpaka kothera n'kubweza kangapo, akumvetsera. Iziyenda mosalala, isamakukute kapena kuima panjira, chifukwa pa makamera amtundu umenewu lenzi simachotsedwa, ikafa ndiye kamera yonse yafa. Awunike ndi tochi ya foni m'kati mwa lenzi. Akaona timizere toyera tonga ulusi tikufalikira m'galasi, imeneyo ndi nkhungu, ayisiye. Kenako ajambule khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo atakoka zoom, chithunzicho achikulitse pa kompyuta. Madontho akuda amene akubwera pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse ndi fumbi la m'kati, ndipo kulichotsa kumafuna kumasula kamera yonse. Ngakhale atagula yatsopano, aitsegule ndi kuiyesa ali konko nthawi yobwezera isanathe. Ikafika kuno ili ndi vuto, kuibweza ku UK n'kovuta kwambiri.

Dzina lisakusokonezeni mukamafufuza. FZ80 ndi FZ82 ndi kamera imodzi, ku America amati FZ80, ku UK amati FZ82. Mu 2024 anatulutsanso ina yokhala ndi D kumapeto, FZ82D. Lenzi ndi sensor n'zomwezo, koma viewfinder ndi sikirini anazikonza kuti zizioneka bwino, ndipo potchajira anaika USB-C ngati mafoni ambiri atsopano. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, tengani ya D, chifukwa diso lanu lizikhala pa viewfinder imeneyo nthawi zonse.

Ikafika muisamale pa zinthu ziwiri za kwathu kuno. Nthawi yotentha fumbi, makamaka m'misewu ya m'mapaki. Lenzi ikamatuluka ndi kulowa imakoka mpweya, ndiye galimoto ina ikadutsa, ithimitseni muibise m'chikwama mpaka fumbi litsike. Musapukute galasi ndi shati kapena chitenje, mchenga wosaoneka umakanda. Kapampu kopemerera fumbi ndi kansalu ka magalasi a maso n'zotchipa, mlongo wanu aziponye m'katundu momwemo. Nthawi ya dzinja vuto ndi chinyezi, maka ngati mumakhala kunyanja kapena cha ku Mulanje ndi Thyolo. Musaisiye miyezi m'chikwama chake m'kabati. Muziisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Ine pa zitatu mwatchulazi ndingatenge FZ82, yatsopano ngati ndalama zikulola. Pa bajeti yanuyo siyaniponi ya batire lachiwiri ndi SD card ya 64GB yolembedwa U3, chifukwa khadi yochedwa imadula vidiyo ya 4K panjira, ndipo khadiyo igulidwe m'shopu yodziwika popeza zachinyengo zachuluka. Tiuzeninso ngati mpira wa mwanayo umaseweredwa masana kapena umafika mpaka kachisisira, chifukwa ngati ndi wa madzulo kwambiri, FZ330 ija ndi imene ingakuthandizeni kuposa FZ82.