Loch Lomond si Senga Bay, achemwali

Achemwali, ku Luss, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond kuno ku Scotland, Loweruka pitani ndithu ndi anawo, koma mawu aja mwalemba oti "amadziwa kusambira, anakulira ku Salima" achotseni m'mutu lero lomwe. Ndi mawu amenewo andikhazika pansi kulemba usiku uno mtima ukuthamanga. Madzi a ku Senga Bay kapena ku Nkopola amakhala pa madigiri 24 mpaka 28, mwana amasewera m'menemo mpaka zala kuchita makwinya. Loch Lomond imalandira madzi a m'mitsinje yotsika m'mapiri. Ngakhale mu July dzuwa likuswa mtengo, pamafunda pang'ono ndi pamwamba pokha, mwina kufika 15 kapena kupitirirako pang'ono. Pansi pake ndi madzi a mufiriji.

Ndiye gombe lake limanyenga. Timiyala tosalala, madzi oyera mbee, mwana akuyenda madzi akumulekeza m'mawondo, kenako m'chiuno, akutembenuka kukukodolani kuti muone. Phazi lotsatira silipeza pansi. Malo ambiri m'nyanjayi pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi ngati phompho, ndipo chakumpoto imazama mpaka mamita 190. Thupi likagwera m'madzi ozizira chotero limakoka mpweya lokha, munthu osafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi ndi madziwo amene amalowa m'mapapo. Kupuma kumathamanga, mtima kugunda ngati ng'oma, ndipo zimenezi zimatenga mphindi imodzi kapena iwiri kuti zikhazikike. Akapirira pamenepo, pakatha mphindi khumi manja ndi miyendo zimayamba kulemera, zala osagwiranso chingwe. Chowawa kwambiri n'chakuti mwana womira sakuwa. Alibe mpweya wokuwira. Amangoima chilili m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakumira ndi kutuluka, manja akupalasa m'mbali ngati akusewera. Inu muli apo mamita khumi, mukupakula mpunga, mukumuona, osadziwa kuti ndi zimenezo. Pa 23 ndi 24 July 2021, kutatentha kwambiri, anthu anayi anamira m'nyanja yomweyi, mnyamata wa zaka 16 ku Balloch, ndi atatu pafupi ndi Ardlui, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka 9. Akuluakulu amamira akuthamangira kupulumutsa mwana, poti madziwo sawasiya iwonso.

Amene amandikwiyitsa ndi okonza maulendo a gulu aja. Amatolera ndalama za minibasi, za nyama, za makala, za sipika, mndandanda wautali pa WhatsApp, koma palibe mzere ndi umodzi womwe wonena amene akayang'anire ana kumadzi. Mukafika azibambo ali pa kanyenya mabotolo m'manja, azimayi ali pa zithunzi, ana khumi ndi awiri ali m'madzi, aliyense akuganiza kuti mnzake akuwaona. Ndiye pamapezeka malume wina woledzera amene amanyamula mwana n'kumuponya m'madzi kuti "aphunzire", kapena kulimbikitsa anyamata kudumpha pa pier, kamlatho kolowa m'nyanja, pamene pamakocheza maboti ndipo pali zikwangwani zoletsa. Ukalankhula akuti ndiwe wamantha, ukuwononga chisangalalo. Chinthu chikachitika ndi omwewo amayamba kunena kuti anali kugalimoto. Pagombe la Luss palibe wolondera osambira, musayembekeze kuti wina aimba wezulo. Komanso m'malo ambiri m'mbali mwa nyanjayi kumwa mowa poyera n'koletsedwa, apolisi amalanda.

Zimatayala zopopa zoyandama pamadzi zija, za flamingo ndi zina, zisiyeni kunyumba. Luss ili kugombe la kumadzulo, ndipo mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kumadzulo komweko, kutanthauza kuti imakankha kuchoka kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Si ngati mwera umene umakuchenjeza ndi mafunde. Pagombe pamaoneka bata chifukwa phiri latchinga, koma chitayalacho chikangotuluka pang'ono chimathawa kuposa mmene munthu angasambirire. Mwana akachita mantha amadumphamo, ndiye kugwera m'madzi akuya aja. Gulani jekete yeniyeni yoyandamitsa munthu pamadzi. Yang'anani nambala yolembedwa mkati: ya 50N ndi ya munthu wodziwa kale kusambira, siitembenuza munthu chagada. Mwana wamng'ono amafunika ya 100N, ya kolala, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, yogwirizana ndi makilogalamu ake. Lamba ameneyo mukapanda kumanga jekete imakwera kumaso mwana n'kupulumukira pansi.

Musananyamuke aphunzitseni pa kapeti kunyumba: ukagwa m'madzi usalimbane nawo, gona chagada, makutu alowe m'madzi, tambasula manja ndi miyendo, dikira kupuma kubwerere, kenako uitane. Inuyo mukaona munthu akumira musalowemo. Imbani 999, nenani dzina la malo, muponyereni chingwe kapena gudumu lopulumutsira limene limapachikidwa m'mbali mwa gombe. Mukangofika pitani mukalione pamene lili, musadzalifunefune nthawi ya mavuto.

Za mayendedwe, nyamukani ku Glasgow isanakwane 9 koloko. Tsiku la dzuwa msewu wa A82 umadzaza, ulendo wosakwana ola umodzi umasanduka wa maola awiri, ndipo malo oimika galimoto ku Luss ndi olipira, amatha msanga. Musaimike m'timisewu ta m'mudzimo, mupeza chindapusa pagalasi. Opanda galimoto, sitima yochokera ku Queen Street imafika ku Balloch, kumapeto a kumwera kwa nyanjayi, pa mphindi pafupifupi 50, koma kumeneko ana asayandikire pamene mtsinje wa Leven ukutulukira m'nyanja, madzi ake amakoka ndipo maboti ndi ambiri.

Mbaula zowotchera nyama zogwiritsa kamodzi n'kutaya zija musaike pa udzu, ndipo mukamaliza thirani madzi mpaka makala asiye kulira. Anthu amangokwirira ndi timiyala n'kumapita, pamwamba osaoneka kanthu, mwana wa wina n'kupondapo ndi phazi losavala. Pamene panakhala mbaulapo pamatenthabe kwa nthawi yaitali, pathireninso madzi. Mukaona madzi a m'mphepete abiriwira ngati mwathiridwa penti, ndi ndere zapoizoni zimene zimabwera kukatentha kopanda mphepo, tsiku limenelo asalowe ndi mmodzi yemwe.

Komabe musawamane madziwo ayi, mwana woletsedwa ndi amene amazemba n'kukalowa kuseri kwa mitengo kumene simukumuona. Alowe, asewere, koma pang'onopang'ono, ayambe wanyowetsa nkhope ndi khosi, madzi asapitirire m'chiuno, asambire motsata gombe osati kulowera pakati. Wamkulu mmodzi aime m'madzi momwemo, nsana kunyanja nkhope kwa ana, foni ili m'chikwama, ndipo muzisinthana mphindi 20 zilizonse mochita kutchulana dzina. Milomo ikayamba kuda kapena mano kugundana atuluke, avule zonyowa, avale juzi ndi chipewa. Tengani matawulo awiri pa mwana aliyense, nsapato za m'madzi chifukwa timiyalato timabaya, ndi fulasiki ya tiyi wa shuga. Dzuwa la chilimwe kuno limachedwa kulowa mpaka cha m'ma 9 kapena 10 usiku, lisakunamizeni. Mphepo ikangodeka madzulo timidges, tizilombo ting'onoting'ono touluka, timatuluka ngati utsi, timaluma m'tsitsi ndi m'makutu, choncho Smidge, mankhwala odzola otithamangitsa, ikhale m'chikwama ndipo pofika 6 koloko muzilongedza. Mukafika kunyumba ayang'aneni kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'mutu ngati sanatenge nkhupakupa m'maudzu. Mukaipeza izuleni ndi kachitsulo kake mogwira pafupi ndi khungu, osaifinya, ndipo pakatuluka chizere chofiira chozungulira m'masabata otsatira pitani naye kwa dokotala wanu (GP).